Breaker ya pa PC200: tigule ya mtundu wanji?

Kapitawo_Lunzu: Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Tili ndi ekisikaveta ya Komatsu PC200-8 imene timakumbira mafawundeshoni ndi ngalande, koma ntchito zambiri zimene tikupeza kuno ku Blantyre zili pa thanthwe. Ukangokumba pang'ono, baketi yayamba kale kulira pamwala. Kuphulitsa sikutheka chifukwa nyumba za anthu zili pafupi. Takhala tikuchita hayala breaker, chida choswera miyala chomangidwa pa ekisikaveta, kwa anzathu, koma hayala ikutidyera phindu lonse, ndiye abwana anena kuti tigule yathu. Makoteshoni abwera atatu: Epiroc yatsopano yochokera ku Joni, Soosan ya ku Korea, ndi ina ya ku China yomwe wogulitsa akuti ndi SB81 ya Soosan yomweyo, kungosiyana penti. Palinso munthu wina akugulitsa Montabert yakale ku Tete. Mitengo yake yatalikirana kwambiri moti abwana maso ali pa yotchipayo. Inu amene mwagwira nazo ntchito, yodalirika ndi iti?

Mnyamata wa 3CX: Epiroc basi achimwene. Zinazo muzingoziona.

Mayi_Kontrakita: Iwe wa 3CX, ndalama ya Epiroc ukuidziwa kapena wangoona chithunzi pa Facebook? 😂

Agogo Opareta: Mwachita bwino kufunsa mwana wanga, safunsa anadya phula. Koma tiuzeni kaye: mwala wake ndi wotani? Ndi thanthwe lolimba lija la kwale, kapena ndi wofumbutuka uja woti dzino la baketi limaulowa? Ndipo breaker izigwira tsiku lililonse kapena mwa apo ndi apo?

Kapitawo_Lunzu: Agogo, pamwamba ndi wofumbutuka koma pansi ndi wolimba, wotuwa wa mizeremizere uja. Sizigwira tsiku lililonse. Mwezi wina igwira milungu iwiri yotsatizana, mwezi wina ikhala pansi.

Makaniko_Kanengo: Achimwene a ku Lunzu, dzina la breaker tilisiye kaye pambali. Ine funso langa loyamba lili pa makina anuwo. PC200 yanuyo ili ndi mapaipi a breaker kale kapena inabwera ndi a baketi okha? Mwati mumachita hayala, koma simunanene ngati mumabwereka breaker yokha n'kuimanga pa makina anu, kapena imabwera ndi ekisikaveta yake.

Ndikufunsa chifukwa breaker zambiri zimene zafika pa benchi yanga zitafa sizinafe chifukwa cha dzina. Zinaphedwa ndi oyilo. Mapampu awiri a PC200-8 akaphatikizana amatulutsa malita opitirira 400 pa mphindi, ndipo pulesha ya makinawo imapitirira 300 bar. Pamene breaker ya makina a matani 20 ngati anuwo imafuna zochepa kwambiri. SB81 imafuna malita 120 mpaka 180 pa mphindi, pulesha ya 160 mpaka 180 bar. Epiroc MB 1500 imafuna malita 120 mpaka 155. Ndiye munthu akangolumikiza mapaipi osatchera flow (kuchuluka kwa oyilo pa mphindi), osaika relief valve (yotulutsa pulesha ikapitirira) ya mzere wa breaker payokha, oyilo amatentha, maseal amapsa, pisitoni imakalika. Kenako akuti mtundu wakutiwakuti ndi wachabechabe.

Pa monitor ya PC200-8 pali B mode, ndi ya breaker imeneyo, ndipo flow mumatchera momwemo. Koma osakhulupirira nambala ya pa sikirini yokha pa makina oti agwira zaka. Pamafunika kumanga flow meter kumapeto kwa arm, oyilo atatentha, n'kuona zenizeni. Chinanso ndi paipi yobwezera oyilo. Iziyenda molunjika ku thanki kudzera pa fyuluta, osadutsanso mu control valve. Ikadutsa mmenemo back pressure, pulesha ya oyilo wobwerera, imakwera, breaker imamenya mofooka ngati yatopa, pomwe ili bwinobwino.

Kapitawo_Lunzu: Imabwera ndi makina ake a eni ake. Yathu ili ndi mapaipi awiri otsekedwa pa arm, koma sitinawagwiritsepo ntchito chigulireni.

Makaniko_Kanengo: Ndiye poyambira ndi pamenepo. Mapaipi oti akhala otseka nthawi yaitali amafunika kutsukidwa musanamange chilichonse. Dzimbiri ndi fumbi la mmenemo zikalowa mu breaker yatsopano, waranti yanu yatha tsiku loyamba.

WakuJoni: Ndikugwirizana ndi a Makaniko, koma tisanamizane kuti mayina onse ndi ofanana. Sali ofanana. Ine ndimagwira pa makina ogumula nyumba kuno cha ku Boksburg, ndipo timaziona zonse. Epiroc ndi yomwe kale inkatchedwa Atlas Copco, anagawana mu 2018. Atlas Copco nayo inagula fakitale ya ma breaker ya Krupp ku Germany mu 2002, ndiye mukaona yakale yolembedwa Krupp HM kapena Atlas Copco MB, ndi banja limodzi. Rammer ndi ya ku Finland, ili pansi pa Sandvik. Montabert ndi ya ku France, ndipo kuyambira 2017 ili m'manja mwa Komatsu, chifukwa Komatsu inagula Joy Global yomwe inali mwini wake. Ku Japan kuli Furukawa ndi NPK, ku Italy kuli Indeco. Awa ndi akuluakulu.

Ndalama yambiri ija mumalipira chiyani? Chitsulo cha pisitoni ndi silinda, ndi mmene anachiwotchera kuti chilimbe. Mumalipiranso zotetezera. Zikuluzikulu za Epiroc zili ndi pampu ya girizi yodzithirira yokha, amaitcha ContiLube, ndipo zimatha kusintha kamenyedwe malingana ndi kulimba kwa mwala. Montabert ya mndandanda wa V nayo imasintha yokha liwiro. Zoterezi zimakhululukira opareta akalakwitsa. Yotchipa sikhululuka.

Mayi_Kontrakita: Achimwene a ku Joni, zonse mwanenazo n'zoona, koma inu muli pamalo poti seal kit ikafunika mumangoyendetsa bakkie kupita ku Jet Park n'kubwera nayo dzuwa lisanalowe. Ife kuno timayamba ndi kukapempha madola ku banki. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja, koteshoni ya chinthu chakunja imakhala ya masiku owerengeka, ndipo ukadikira forex mtengo wasintha. Ndiye ine ndimafunsa funso limodzi: ikafa Lachiwiri, idzayambanso kugwira liti?

Ine ndili ndi ya ku China ya mtundu wa SB81. Sindichita nayo manyazi. Mafakitale ambiri a mumzinda wa Yantai ku China amapanga potengera kapangidwe ka Soosan, ndiye tchizulo ya 140 mm, mabushi, mapini, diaphragm (labala yolekanitsa gasi ndi oyilo) ndi maseal zimapezeka kwa ogulitsa ambiri, ku Dar es Salaam, ku Lusaka, ku Joni, nthawi zina ngakhale konkuno. Simumangika pa munthu mmodzi. Ndalama ya Epiroc imodzi ine ndigulira zanga zingapo n'kutsalako ya dizilo. Kwa munthu woti breaker igwira milungu iwiri n'kugona mwezi, n'kuikiranji chuma chonsecho pansi?

Makaniko_Kanengo: Mayi, apa pokha ndikutsutsani pang'ono. Mukuwerengera mtengo wa breaker yokha. Koma oyilo amene amazungulira mu breaker ndi yemweyo amene amabwerera mu thanki ya ekisikaveta. Pisitoni yosawotchedwa bwino ikayamba kusenda, tizitsulo timayenda ndi oyilo kupita ku mapampu, ku control valve, ku ma motor oyendetsa. Ndinatsegulapo pampu ya makina ena a matani 20 ndikupeza mkati monyezimira ngati mwawaza siliva. Mwini wake anagula breaker yopanda nambala kwa munthu wa pa WhatsApp, ndipo inalibe fyuluta pa mzere wobwerera. Kukonza makinawo kunadula kuposa zomwe anapulumutsa pogula.

Sindikunena kuti za ku China zonse ndi zoipa, ayi. Ku Yantai kuli mafakitale abwino ndi ena ongosonkhanitsa zidutswa. Vuto ndi loti kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wogulitsa aliyense amati yake ndi ya "Korea technology".

Mayi_Kontrakita: Ndiye mwanena nokha bambo, fyuluta inalibe. Yanga ili nayo. Ndipo ndinagula kwa munthu amene ali ndi shopu yoti ndikhoza kukamupeza, osati wa nambala ya foni yokha.

Makaniko_Kanengo: Pamenepo tagwirizana mayi.

Mnyamata wa 3CX: Pepani kulowerera. Nanga bwanji osagula yaikulu kwambiri, ya makina a matani 30, kuti izimaliza msanga? Mphamvu zambiri, ntchito yochepa.

Agogo Opareta: Ayi mdzukulu. Kumeneko ndi kumangirira mbuzi pa ngolo ya ng'ombe. Breaker imayenera kulemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a makina. Ukaika yolemera kwambiri, boom ndi arm zimang'aluka m'mawelodi, mapini amadyeka, ndipo ukatambasula mkono chammbali makina amadzuka kumbuyo. Komanso oyilo sakwana, ndiye imamenya mwaulesi. Ukaika yaing'ono kwambiri pa makina aakulu, makinawo amaipondereza mpaka kuthyola tchizulo. Iwe pa kamakina kako ka JCB 3CX ukufunika kakang'ono ka makilo 300 kapena 400, osapitirira apo.

Koma poti ndalankhula, ndinene za ife oyendetsa, chifukwa a Makaniko ati oyilo ndiye amapha breaker, ine ndikuti dzanja la opareta limapha zambiri kuposa oyilo.

Ndimaima patali n'kumvetsera mnyamata akuswa mwala, ndipo ndimadziwa ndi khutu kuti breaker imeneyo sikhalitsa. Ikamenya mwala bwino kulira kwake kumakhala kolemera, kwapansipansi. Mwala ukasweka iye phazi likadali pa pedulo, kulira kumasintha, kumakhala kwa chitsulo pa chitsulo, ngwe ngwe ngwe. Pamenepo pisitoni ikumenya tchizulo yopanda chotsamira, ndipo mphamvu yonse ikuthera pa mapini ogwira tchizulo ndi mabawuti aatali aja omanga thupi lonse. Azungu amati blank firing. Mabawuti amenewo akaduka, si fakitale yalakwa.

China ndi kukakamira malo amodzi. Mwala ukakana kwa masekondi 15, chotsa, sunthira kumphepete. Ukalimbikira pomwepo nsonga ya tchizulo imatentha mpaka kufewa n'kufutukuka ngati bowa, ndipo pansi pake pamadzaza fumbi lomwe limangomeza nkhonya. Thanthwe timalidya kuyambira m'mphepete, osati pakati. Tchizulo iime chilili pa nkhope ya mwala, osapendeka. Ndipo tchizulo si mgwala wotembenuzira miyala. Amene amaikhomera mu mng'alu n'kumakankha ndi arm ndi amene amabwera n'kumati tchizulo za masiku ano n'zosalimba.

Kapitawo_Lunzu: Agogo, izi ndisindikiza ndikamate mu kabu. Opareta wathu ndi wabwino pa baketi koma breaker sanaigwirepo kwenikweni.

Agogo Opareta: Ndiye musamupatse Epiroc yatsopano kuti aphunzirirepo, kapenanso musamupatse yotchipa yopanda chitetezo ali yekha. Mupezereni munthu wodziwa akhale naye masiku oyamba. Ndipo muikire waya wotchinga galasi la kutsogolo. Kachidutswa ka mwala wa kwale kakauluka sikasankha.

WakuJoni: Pa girizi agogo mwaiwala.

Agogo Opareta: Sindinaiwale, ndimamwa tiyi 😄 Nenani inuyo.

WakuJoni: Maola awiri aliwonse. Ndipo si girizi wamba wa mapini uja, ameneyo akatentha amasungunuka n'kutsika ngati madzi. Pamafunika chisel paste, wokhala ndi kopa ndi graphite. Pothira, imikani breaker chilili, tchizulo itatsamira pansi n'kukankhikira mkati. Mukathira tchizulo ili lende, girizi amadzaza pakati pa pisitoni ndi mutu wa tchizulo, ndiye nkhonya yoyamba imaphulitsa seal yapansi. Bushi yapansi ikadyeka, tchizulo imagwedera, pisitoni imamenya chopendeka, n'kukala silinda. Bushi ndi yotchipa, silinda ndi theka la mtengo wa breaker. A Kapitawo, wogulitsa aliyense mwa atatuwo mumufunse ngati chisel paste ali naye. Yankho lake likuuzani zambiri za iye.

Wa Kumalire_Chipata: Muli bwanji a kwathu. Ine ndili mbali ino ya Zambia, timagwira ntchito za misewu ndi ma culvert. Kuno chifukwa cha migodi ya ku Copperbelt, Epiroc ndi Sandvik ali ndi maofesi awo, ndiye za mayina akuluakulu sizivuta kwambiri kupeza. Koma ife ang'onoang'ono ambiri tili pa Soosan ndi zofanana nayo. Chomwe ndingawonjezere ndi nkhani ya gasi. Breaker za mtundu wa Soosan zili ndi nayitrojeni kumutu, yosapitirira 20 bar, ndipo zikuluzikulu zili ndi accumulator, kachipinda kena ka gasi, pambali ya pafupifupi 55 mpaka 60 bar. Gasi wakumutu amachepa pang'onopang'ono, ndiye mumayenera kukhala ndi botolo lanu ndi geji yanu. Pogula onetsetsani kuti charging kit ilipo m'bokosi. Gasi akachepa imamenya mofooka. Akachuluka, pisitoni imalephera kukwera, breaker imangoti zii. Mukaona mapaipi akuvina kwambiri pa arm, kawirikawiri diaphragm ya accumulator yaphulika, imitsani pompo.

Makaniko_Kanengo: Ndipo nayitrojeni yekha chonde. Ndikubwereza: nayitrojeni yekha. Musalole munthu wowotcherera kuti akuthandizeni ndi botolo lake la oxygen poti lili pafupi. Oxygen akakumana ndi oyilo pa pulesha, chimaphulika n'kupha munthu. Mpweya wa kompulesa nawonso ayi. Botolo la nayitrojeni mumadzazitsa kwa ogulitsa gasi wa m'mafakitale monga Afrox.

Apa ndi pamene Montabert ndi Rammer zimasiyana ndi zinzake. Zambiri mwa izo mphamvu zimatenga ku oyilo, gasi ali wotsekeredwa kuseri kwa diaphragm, ndiye simukhalira kuwonjezera ku saiti. Kwa munthu amene akugwira kutali ndi tauni, chimenecho ndi chabwino. Koma tsiku loti itsegulidwe, pamafunika munthu woidziwa ndi zida zake.

Kapitawo_Lunzu: Ndiye mwandifikitsa pa ya ku Tete ija. Poti Montabert ndi ya Komatsu tsopano, sindiye kuti ikwanira bwino pa PC200 yathu?

WakuJoni: Umwini wa kampani sukwanitsa breaker pa makina, achimwene. Chofunika ndi modelo. Akuuzeni nambala yake, muone pa buku ngati kulemera, flow ndi pulesha zikugwirizana ndi PC200. Ikhoza kukhala yochokera pa makina a matani 35 a ku migodi ya malasha ku Moatize, ndiye kwa inu ndi yaikulu.

Makaniko_Kanengo: Ndipo yakale sitigula pa chithunzi. Ine breaker yakale ya dzina labwino ndimaikonda kuposa yatsopano yosadziwika kwawo, koma pokhapokha nditaiona ndi maso anga. Tete si kutali, mudutsa pa Mwanza ndi Zóbuè. Pitani ndi makaniko. Choyamba aimange pa makina, igwire mpaka oyilo atenthe, chifukwa yozizira iliyonse imamenya bwino. Yang'anani ngati oyilo akutsika ndi tchizulo. Girizi wakuda kutsika n'zabwinobwino, koma oyilo woyenderera ndiye kuti maseal apita. Kenako chotsani tchizulo, muwalitse tochi mkati muone nkhope ya pisitoni. Ikhale yosalala. Ikakhala yobenthuka m'mphepete kapena yolowa pakati, bwererani kwanu. Gwedezani tchizulo muone mpata wa bushi. Yang'anani bokosi lakunja ngati lili ndi mawelodi atsopano obisika ndi penti. Breaker yakale yopakidwa penti dzulo ine imandiopsa kuposa yadzimbiri.

Ngati mwini wake akukana kuti muitsegule, mwayankhidwa kale. Ndipo pakhale mbale ya serial number ndi mapepala a umwini, apo ayi mukavutika pa boda ndi a MRA, kapenanso mugula chakuba.

Mayi_Kontrakita: Muwerengerenso kuti yakale mukangoigula mufunika seal kit ndi diaphragm nthawi yomweyo, ndipo za ku France sizigulitsidwa mu Limbe.

Hardware_Dealz265: Abwana tili ndi ma breaker original onse ma size, mtengo wabwino, inbox for price 🔥🔥

Admin: A Hardware, malonda timaika Loweruka lokha, lamulo mukulidziwa. Ndafufuta zithunzi zanuzo. Pitirizani akuluakulu.

Agogo Opareta: Munthu woti mtengo sautchula pagulu 😂

Kapitawo_Lunzu: Funso lina. Pa koteshoni ya Soosan alemba mitundu itatu: side, top ndi box. Kusiyana kwake ndi kotani? Box ndi yodulirapo.

WakuJoni: Mkati ndi chimodzimodzi, chosiyana ndi chovala. Side ndi top ndi zotsegula, thupi limagwidwa ndi mbale ziwiri, kukonza n'kosavuta. Box imatsekera thupi lonse mkati, pali mapulasitiki olimba omeza kugwedezeka pamwamba, pansi ndi m'mbali. Phokoso limachepa, fumbi sililowa kwambiri, ndipo boom yanu simva nkhonya zonse. Inu mwati mumagwira pakati pa nyumba za anthu, ndiye tengani box. Mukayamba kuswa thanthwe m'mawa ku Namiwawa ndi yotsegula, foni ya abwana anu siikhala chete. Kungoti mapulasitiki aja nawo amadyeka, muziwayang'ana.

Wa Kumalire_Chipata: Muuzeninso akupatseni tchizulo ziwiri zosiyana. Yosongoka ngati pensulo, moil, ndi yolowera mu thanthwe ndi konkire. Yaphwatalala ngati ya akalipentala ndi yabwino mu ngalande, imang'amba motsata mzere. Yopanda nsonga, blunt, ndi yoswera mabwinja a miyala ikuluikulu yomwe yagumuka kale. Ndipo itanitsani yapadera pamodzi ndi breaker mu kontena imodzi. Seal kit imakwera basi ya ku Joni, koma tchizulo ya 140 mm imalemera kupitirira makilo 100, kondakitala sakulandirani nayo.

Mnyamata wa 3CX: Nanga m'madzi imagwira? Nthawi ya dzinja maenje athu amadzaza.

Makaniko_Kanengo: Tchizulo yokha ilowe m'madzi, thupi ayi. Madzi akafika pa bushi amalowa mu chipinda chomenyera, pisitoni ikatsika amakankhidwa n'kuphulitsa maseal, kenako ali mu thanki yanu. Yogwira pansi pa madzi imafuna zida zapadera ndi kompulesa yopopera mpweya mkati. Popani madzi kaye. Ndipo mvula ikayamba breaker ikagona nthawi yaitali, musaisiye chogona pa dothi. Chotsani tchizulo, kankhirani pisitoni mkati, pakani oyilo, tsekani mapaipi ndi zotsekera zake, iime chilili pansi pa denga. A Kapitawo izi zikukukhudzani kwambiri poti yanu izikhala mwezi osagwira. Mbali ya pisitoni yomwe imatulukira pansi ikachita dzimbiri, tsiku loyamba kugwira imadula seal.

Mayi_Kontrakita: Tabwererani ku funso la Kapitawo uja, mwamuphunzitsa zokwana. Agule iti? Ine ndanena kale maganizo anga.

WakuJoni: Akanakhala wa kwale ngati ku Njuli kapena ku Nathenje, yoswa miyala kuyambira m'mawa mpaka madzulo chaka chonse, ndikanati Epiroc, Rammer kapena Furukawa, osayang'ana kumbuyo. Pa maola ochuluka chonchi ndalama ija imabwerera. Koma pa ntchito yake, Epiroc ndi yabwino kuposa zomwe akufunikira. Ine ndingatenge Soosan yeniyeni.

Makaniko_Kanengo: Inenso Soosan, koma mawu oti yeniyeniwo muwagwire. Dzina limeneli limamatidwa pa zinthu zambiri zomwe sizinaonepo Korea. Wogulitsa akupatseni serial number musanalipire, ndipo mulembere ku kampaniyo kapena kwa dila wake wovomerezeka akutsimikizireni. Ubwino wake ndi woti mkati muli chitsulo chodalirika, pomwe zodyeka monga tchizulo ndi mabushi mutha kuzipeza kumene Mayi akupeza zawo. Maseal ndi diaphragm okha musaumire, gulani abwino.

Mayi_Kontrakita: Ine ndikadali pa yanga. Kusiyana kwa mtengo kuja ndi malipiro a anyamata miyezi ingapo. Koma ngati abwana anu asankha ya ku China, a Kapitawo, asalipire asanaone zinthu izi: dzina la fakitale lenileni osati la wogulitsa, buku la masipeya lokhala ndi manambala, waranti yolembedwa yonena za pisitoni ndi silinda, ndi munthu mmodzi kuno ku Malawi amene akugwiritsa ntchito yomweyo kwa chaka, woti mukamuone. Ine ndinachita choncho. Wogulitsa wina amene ndinayamba kulankhula naye nditamufunsa za fakitale anangonditumizira vidiyo ya breaker ikuswa konkire, ndipo ndinamusiya pomwepo.

Agogo Opareta: Ine sindisankha dzina. Ndagwira ndi Krupp yakale yomwe inapirira anyamata ambiri, ndagwiranso ndi zopanda dzina zomwe zinakhalitsa poti mwini wake sankaseweretsa nkhani ya girizi. Koma mugulire mnyamata wanuyo zotseka m'makutu ndi chotchinga mphuno. Fumbi la mwala umenewu limakhala m'mapapo, ndipo ine khutu lakumanzere linapita kalekale.

Kapitawo_Lunzu: Zikomo kwambiri nonse. Ndikawauza abwana motere: Epiroc tiisiye kaye, ya ku Tete tiione pokhapokha mwini wake atatumiza modelo ndi kuvomera kuti tiitsegule, ndipo pakati pa Soosan ya box ndi ya ku China tifunse mafunso a Mayi aja kwa onse awiri tione amene ayankhe. Ndikudziwa kuti abwana akokera ku yotchipa, koma nkhani ya tizitsulo mu pampu ija ndikawawerengera mokweza. A Makaniko, mumafika ku Blantyre? Tikufuna munthu wa flow meter.

Makaniko_Kanengo: Ndimabwera kawirikawiri, tilankhulane ku inbox. Koma musanaitanitse chilichonse, yezani pa arm yanu: kukula kwa mapini, mpata wa pakati pa makutu a baketi, ndi kutalika kuchokera pakati pa pini ina kufika pa inzake. PC200 imakhala ndi mapini a 80 mm, koma CAT 320 nayo ndi 80 mm pomwe mipata yake ndi yosiyana, ndiye mukangoti "ya matani 20" akutumizirani bracket yosakwana. Yezani ndi vernier, osati tepi ya amisiri omanga. Muwonjezerenso pa bajeti fyuluta ya mzere wobwerera, ma stop valve awiri a pa arm, ndi oyilo wa hydraulic, chifukwa buku la Komatsu limanena kuti makina akamagwira ndi breaker, oyilo ndi fyuluta zisinthidwe msanga kuposa nthawi zonse.

Kapitawo_Lunzu: Vernier tilibe, ndikabwereka kwa a lathe ku Ginnery Corner mawa. Miyezo ndiitumiza pano.

Wa Kumalire_Chipata: Mujambulenso mbale ya makinawo ndi mapaipi a pa arm aja, tione ngati ndi a 1 inch.